Jezi Imene Inalondera Munda M'malo Mwanga

Zikomo a tcheyamani, zikomo nonse amene mwabwera. Inu a kumbuyo uko mukundimva? Ndikweza mawu, chifukwa zimene ndikufuna kunenazi ndatopa kuzinenera pansipansi.

Dzina langa ndine Leviasi, koma ndikudziwa kuti ambiri muno dzina limeneli mwalimva lero. Mukafunsa pamsika pa Lizulu kuti Leviasi amakhala kuti, akuuzani kuti sakumudziwa. Mukati Kameruni, ngakhale mayi wogulitsa kabichi akulozerani njira, kenaka aseka. Kusekako n'kumene kwandiimika pano. Ndikukuonani anyamata a timu mwapanikizana pa benchi lakumapeto ilo, ena mwabwera chifukwa aphunzitsi anu akukakamizani. Palibe kanthu. Khalani pomwepo, nkhani ya benchi ndifikapo.

Kwathu ndi ku Kandeu. Mpira ndinayamba ndi wachikulunga, wopanda nsapato, monga tonse tinayambira. Sukulu itandikanika ndinabwera kuno kudzakhala ndi a malume anga, kuwathandiza kugulitsa mbatatesi. Tsiku lina la msika ndikuvundukula kaunjika kufuna malaya a kutchalitchi, ndinasolola jezi yobiriwira, ya kolala yofiira, pachifuwa pali mkango. Kumsana kunali nambala ndi dzina. Dzinalo aliyense ankalitchula mwakemwake, lilime kukana, mpaka anthu anangogwirizana kuti basi, jeziyi ndi ya dziko la Kameruni, ndiye wovalayo akhale Kameruni. Malaya a kutchalitchi aja sindinagule.

Munthu sungamayende ndi dzina la mnzako kumsana osadziwa kuti mwini wake ndani. Tsidya lina la msewu, ku Mozambiki, paja kuno ukangodumpha tala wachoka m'dziko, kunali vidiyo sho ya dishi ndi jenereta. Kumeneko n'kumene ndinamuona koyamba. Anali wosewera kutsogolo ngati ine, wamfupi, miyendo ya matewe ngati yangayi. Amene ankamva Chingerezi cha oulutsa mpira ankatimasulira mbiri yake pang'onopang'ono. Ankati anayambira mu timu ya m'tauni ya kwawo, anthu a ku Falansa anamuona n'kumutenga, anakayambira mu timu yaing'ono ya ligi yachiwiri, anamwetsa zigoli mpaka timu yaikulu inamugula, kenaka dziko lake linamuitana. Koma chimene chinandizunguza mutu n'chakuti zaka zathu zinali zofanana. Iye akamwetsa chigoli Loweruka pa kanema, ine Lamulungu ndinkamwetsa ziwiri pa bwalo la pulayimale, n'kumati tikupikisana.

Ndipo musaganize kuti ndikudzitama, funsani akuluakulu ali muno. Ndinkasewera mpira ine. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti mnzangayo kwawo kunali anthu oyenda m'mabwalo kufunafuna ana aluso. Ife kuno oyenda m'mabwalo anali aphungu, nawonso chisankho chikayandikira. Matipate atabwera, aliyense wofuna uphungu ankafika ndi chikho chake, mipira iwiri ndi yunifolomu yolembedwa dzina lake. Chisankho chikatha, zii, mpaka china. Munthu mmodzi yekha amene ankatiganizira chaka chonse anali a Ngozo, mphunzitsi wa pulayimale amene ankaphunzitsanso timu yathu popanda womulipira.

Tsono pali mwambo wathu uja wa kufupa. Mukuudziwa. Munthu akavina bwino ngoma timamufupa, akaimba bwino pa ukwati timamufupa, akamwetsa chigoli anthu amathamangira m'bwalo kudzamufupa. Ndi mwambo wabwino, sindikuunyoza. Ine ndikamwetsa ndinkathamangira pakona n'kuponda ngoma, fumbi koboo, amayi nthungululu. Poyamba ankandiika makobidi m'masokosi. Kenaka kunabwera a Chimbalanga, mkulu wa lole yonyamula mbatatesi kupita ku Blantyre, wokonda mpira koopsa. Iwo anati makobidi ndi a ana, mwamuna amafupidwa ndi chakumwa. Anayamba ndi chibuku mpira ukatha. Masacheti a mowa atafika zinthu zinapepuka, chifukwa sacheti imalowa m'thumba la malaya, ndipo munthu amatha kukupanikiza nayo m'manja uli m'bwalo momwemo.

Ndiuzeni inu, mwana woleredwa kuno, mkulu wakuthamangira pamaso pa anthu onse, wakutambasulira dzanja, umukana bwanji? Umalandira ndi manja awiri, n'kuwerama. Chigoli chilichonse chinali ndi sacheti yake, ndipo ine zigoli zinkandikonda. Koma ndisawasenzetse a Chimbalanga katundu yense. Poyamba ndinkalandira chifukwa cha ulemu, kenaka ndinkamwetsa chigoli maso ali ku thumba lawo.

M'kati mwa zimenezi ndinakwatira Nachisale, mayi a Tadala, n'kukakhala kwawo chikamwini, kuseri kwa phiri uko. Apongozi anatipatsa munda wabwino, wa dothi lakuda, koma uli m'tsinde mwa phiri momwe mumatsika anyani. Malume ake a mkazi wanga pondilozera malire anandiuza kuti, “Bambo, munda uno kulima n'kosavuta. Ntchito ndi kulondera chimanga chikabereka.” Ndinavomera ndi pakamwa, mtima uli ku Falansa.

Mwayi wanga unabwera kamodzi kokha. Timu yathu inafika mu fainolo ya chikho cha phungu, ndipo fainoloyo anaiika ku Kandeu, kwathu kwenikweni. A Ngozo anachita kukwera basi okha kupita ku Blantyre kukachonderera munthu wa timu yaikulu kuti adzandione. Atabwerako anandiitanira pambali.

“Leviasi, Loweruka kukubwera mlendo chifukwa cha iwe. Usalawe kanthu. Wamva?”

“Ndamva aphunzitsi.”

Loweruka lija timu yonse tinakwera lole ya a Chimbalanga, ndipo ine monga katswiri anandiika kutsogolo. Tili m'njira anapisa m'thumba. “Mwana wanga, lero ndikufupiratu. Izi ndi za zigoli ziwiri zimene umwetse.” Lole ndi yawo, mafuta ndi awo, dzanja atambasula. Ndinalandira ndi manja awiri. Pofika ku Kandeu zigoli zolipiridwa zinali zitafika zinayi.

A Ngozo sanachite kufunsa, mphuno inawauza. Sanakalipe. Anangoti, “Chigawo choyamba ukhala pa benchi. Umwe madzi ambiri, mutu ubwerere. Ulowa chigawo chachiwiri, mlendo akuonabe.”

Abale anga, mverani bwino, chifukwa moyo wanga unakhotera pamenepa. Munthuyu sanandichotse mu timu. Anangondipempha kukhala pansi kwa chigawo chimodzi. Koma mayi anga anali pomwepo atavala chitenje chatsopano, anzanga a ku pulayimale anali pomwepo, bwalo lonse likuimba kuti Kameruni, Kameruni. Ndinaimirira n'kulankhula mokweza kuti aliyense amve: “Kameruni sakhala pa benchi!” Ndinavula yunifolomu ya timu n'kuiponya pansi, n'kuvala jezi yanga yobiriwira, ulendo wa kuseri kwa magolosale. Chigawo choyamba chitatha anandifunafuna ponseponse. Mlendo uja anadikira, kenaka anatenga mnyamata wa timu inayo, amene ine ndinkamudutsa ngati waima. Sanabwerenso, ndipo palibe wina anabwerapo.

Zotsatira zake ndizinena mothamanga, chifukwa nazonso zinathamanga. Kwa a Ngozo sindinabwererenso, manyazi ndinawasandutsa mkwiyo. Ndinayamba kusewera mpira waganyu, timu iliyonse imene yandigulira mowa, lero kuno mawa ku Mozambiki. Tsiku lina ndinalowa m'bwalo nditaledzera, ndinaponda m'dzenje, bondo ili linalira kuti thyo. Kuchipatala ndinapita mochedwa, linapola mokhota. Mpira utatha, ofupa aja anatha nawo. Ludzu lokha ndi limene silinathe. Ndinayamba kusenza matumba a mbatatesi pamsika, malipiro ake sacheti. Nsapato za mpira ndinagulitsa, wailesi ya m'nyumba ndinagulitsa, feteleza wa mkazi wanga ndinakagulitsa tsidya lija. Anthu omwe ankandinyamula pamapewa ankati akakhuta, “Kameruni, taponda ngoma ija,” n'kundiponyera sacheti pansi. Ine n'kumaponda, bondo likuwawa, iwo akufa nazo nseko. Chitsiru chinaomba ng'oma, ochenjera navina, koma ine ndinkaomba ndekha n'kuvinanso ndekha. Mwana wanga Tadala anandipezapo nditagona m'ngalande dzuwa likuswa mtengo, akuchokera kusukulu ndi anzake. Anadutsa ngati sakundidziwa, ndipo sindimuimba mlandu.

Za mwini dzina uja ndinkangomva mphekesera. Ankati timu yaikulu ija yamugulitsa ku dziko lina, kenaka ankati wathyoka bondo, kenaka dziko lake lasiya kumuitana, kenaka alibe timu n'komwe. Mukudziwa chimene ndinachita nditamva? Ndinasangalala. Ndinkauza anzanga a pa kachasu kuti mwaona, a Kameruni tonse tagwa, si ine ndekha. Munthu ukafika posangalala ndi tsoka la amene unkamusirira, dziwa kuti watsika.

Chinthu chimodzi chokha chimene sindinagulitse chinali jezi ija. Inali itasuluka koma ndinkaivala tsiku lililonse la msika. M'mawa wina, chimanga chitabereka, ndinaifuna pa msomali pomwe ndinkaikoleka, palibe. Ndinagwetsa zinthu m'nyumba monse. Tadala anangoti, “Amayi apita nayo kumunda.” Ndinanyamuka ndi ukali. Mundawo ndinali ndisanaupondemo chidzalire chimanga.

Ndili chapatali ndinaona munthu wovala zobiriwira ataima pakati pa munda, manja atatambasula. Ndinati ndi mwamuna uti wavala jezi yanga m'munda mwanga? Nditayandikira ndinapeza kuti ndi mitengo iwiri yopingasa, kumutu kwake poto wobooka, jezi yanga itavekedwa bwinobwino, dzina ndi nambala zitaloza kuphiri. Nachisale anali chapafupi akuzula udzu. Sanadzuke n'komwe.

“Mayi a Tadala, n'chiyani chimenechi?”

“Simukumudziwa? Ndi Kameruni.”

“Mukundinyoza?”

Pamenepo anaweramuka, n'kupukuta manja pa chitenje. “Ayi bambo a Tadala, ndikumuyamikira. Ameneyu amalawirira kumunda, sachoka mpaka dzuwa kulowa, mvula ikamagwa sathawa. Anyani akumuopa. Ndipo chibwerereni sanandipemphepo ya sacheti.”

“Chotsani msanga!”

“Ndidzachotsa tsiku limene munda uno udzakhale ndi mwamuna.”

Ndikanatha kuizula ndekha, panalibe wondigwira dzanja. Koma ndinayang'ana m'mphepete mwa munda momwe anyani anali atathyola kale, ndinayang'ana manja a mkazi wanga, mphamvu zinandithera. Ndinabwerera chimanjamanja.

Sabata yomweyo ankhoswe anakhala pansi, a malume anga mbali iyi, malume ake a Nachisale mbali iyo. Sizinatenge nthawi. Malume akewo anati, “Ife tinapereka munda kwa mkamwini, koma ukulondedwa ndi malaya. Timupatsa mpaka chimanga chiume. Tsiku limenelo tidzakhalanso pano. Akadzakhala chimodzimodzi, adzanyamule kachikwama kake abwerere ku Kandeu. Mwana ndi wa pano, mukudziwa.” Ngakhale a malume anga sananditeteze. Nachisale atafunsidwa anati, “Ine ndatopa. Zimene anena a malume n'zomwezo.”

Mwina mukuganiza kuti ndinachoka pamenepo ndikulira, n'kulapa. Ayi ndithu. Ndinachoka pa bwalo la ankhoswe n'kulunjika kumsika, ndinasenza matumba, ndinalandira masacheti anga, n'kudumpha msewu. Anali masana, mitambo itachita bii. Podutsa pa vidiyo sho paja wina anandikuwira, “Kameruni, talowa udzaone mbale wako!” Inali nyengo ya mpikisano wa mayiko a mu Africa, ndipo tsikulo ankasewera a Kameruni. Ndinalowa pothawa mvula chabe, n'kutsamira khoma kumbuyo.

Ndinamufunafuna m'bwalo, mulibe. Nambala ya pa jezi yanga ija inalimo, koma ataivala kamnyamata kena kowonda, kamene mwina kankayamwa pamene ine ndinkagula jeziyo. Ndinati basi andinamiza. Kenaka kanema anaonetsa benchi.

Anali pamenepo. Tsitsi litatha pamutu, nkhope itakula, bondo atalikulunga bandeji, atavala kamalaya kopanda manja kamene amavala osewera odikirira. Munthu amene anakhala pafupi nane anandifotokozera zimene oulutsa ankanena. Bondo litathyoka anakhala nthawi yaitali wopanda timu. Kenaka anabwerera yekha ku katimu kakang'ono kaja ka ligi yachiwiri komwe anayambira, kukapempha malo, n'kuyambiranso pansi ngati mwana. Dziko lake linamuitananso, koma linamuuziratu kuti malo ake ndi pa benchi. Ndipo anabwera.

Ndinasiya kuonera mpira, ndinkangodikira kuti aonetsenso benchi. Wosewera wina atavulala mpira n'kuima, ndinamuona akudzuka, kunyamula mabotolo a madzi, kuthamangira pa mzere motsimphina pang'ono. Anaitana kamnyamata kovala nambala yake kaja, anakapatsa madzi, anakagwira kumutu ndi manja awiri, akukalankhula, akuloza apa ndi apo. M'vidiyo sho monse anthu anaseka. “Taonani, katswiri wasanduka wotunga madzi!” Kuseka kwake kunali komwe kuja ankandiseka nako ine ndikamaponda ngoma pamsika. Koma iye sankavinira sacheti. Chakumapeto kamnyamata kaja kanamwetsa chigoli, ndipo sikanathamangire pakona, kanathamangira ku benchi n'kukamudumphira. Anakanyamula m'mwamba akuseka, mano onse pamtunda. Mpira unatha iye osalowa ngakhale pang'ono. Oyimbira ataliza wezulo yomaliza ndinamuona akutolera mabotolo aja.

Abale, ndinakwiya. Sindinamvepo mkwiyo ngati umenewo, ndipo panalibe woti ndimukwiyire. Ndinataya Blantyre, ndinataya bondo, tsopano ndinali pafupi kutaya mkazi ndi mwana, zonsezi chifukwa cha mawu amene ndinakuwa ku Kandeu, akuti Kameruni sakhala pa benchi. Ndipo uyu apa Kameruni weniweni, amene anasewerapo pamaso pa dziko lonse, wakhala pa benchi mpira wonse, akutungira madzi mwana amene wamulanda nambala. Ine ndinakana chigawo chimodzi pa bwalo la fumbi. Zaka zonsezo ndinkayenda ndi dzina la munthu amene sindinkamudziwa. Ndinatengako zigoli zake zokha, zina zonse ndinazisiya.

Masacheti anali m'thumba aja ndinamwa, ndisakunamizeni. Koma sanagwire. M'mawa mwake ndinapita kwa a Ngozo, amene panthawiyo anali atapuma uphunzitsi koma timu anali nayobe. Ndinawapeza akupopa mpira pakhonde. Ndinagwada.

“Aphunzitsi, ndabwera kudzakhala pa benchi lija.”

Anasiya kupopa. “Benchi lija linadyedwa ndi chiswe kalekale, Leviasi. Masiku ano tikukhala pa njerwa.”

“Ndikhala pa njerwa.”

“Ukafika ukununkha, ubwerera. Ukafika bwino, pali chigubu cha madzi icho, mjigo ukuudziwa.”

Tsono inu amene muli m'dzenje lomwe ndinalimo, mverani zimene ndinachita, mwina china chikuthandizani. Kusiya mowa si nkhani ya mtima wokha, thupi nalo limachita ukali. Masiku oyambirira ndinkanjenjemera, thukuta kamukamu, kuona zinthu zoti palibe. A Ngozo ananditengera kuchipatala pa njinga yawo, ndipo kumeneko anandithandiza. Musachite manyazi kupita, ndipo musayese kulimbana nazo muli nokha m'nyumba. Ntchito yosenza matumba ndinaisiya, chifukwa malipiro ake munali momwemo. Njira yodutsa pamsika ndinaisiyanso, popita ku bwalo ndinkazungulira kumadimba ngakhale kuli kutali ndi bondo langali.

M'mawa uliwonse ndinkalawirira kumunda. Anyani si opusa, anali atazindikira kale kuti wobiriwira uja sasuntha, ndipo ankathyola chimanga pafupi ndi miyendo yake. Ndinkaima pambali pake ndi legeni ndi chitini chogogoda, ine ndi jezi yanga, ngati anthu awiri olondera. Anthu opita kumadimba ankaseka, “A Kameruni awiri!” Zinkandiwawa, koma sindinaichotse. Woichotsa anali atanena kale kuti ndani. Masana Nachisale akabwera kudzandilandira, ine ulendo ku bwalo, kukatunga madzi ndi kukhala pa njerwa. Kunyumba tinkalankhulana za mchere ndi sopo basi.

Chovuta kwambiri chinali kufupa kuja. A Chimbalanga atamva kuti ndabwerera ku timu anayamba kulengeza kuti tsiku limene Kameruni adzalowenso, adzamugulira botolo lathunthu. Ndinapita kwa a malume anga, ndinati ndichite bwanji, poti kukana mkulu pagulu ndi mwano. Iwo anati, “Mphatso ya mkulu sukanira pabwalo, n'zoona. Koma ukhoza kukaipepesa kunyumba kwake isananyamuke.” Tinapita awiri, monga mmene anthu amapitira ndi nkhani yaikulu, tinakhala pa mphasa, a malume n'kuyala nkhani yonse, ya ankhoswe ndi ya jezi yomwe. A Chimbalanga anakhumudwa. “Ndiye mukuti ndamupha ndine? Ine mwanayu ndinkamukonda!” Ndinati, “Ndikudziwa bambo, n'chifukwa chake tabwera kwa inu poyamba.” Pamapeto pake anangoti amva. Inu amene mukufuna kusiya, adani anu sadzakuvutani. Pitani kwa amene amakukondani, mukawapepese asanatambasule dzanja.

Ndinagwa kamodzi, pa chiliza cha msuweni wanga, pomwe chipanda cha mowa chimayenda dzanja ndi dzanja. Ndinafika kunyumba ndikudzandira. Nachisale sanakalipe, anangotenga mphasa n'kukagona kwa mayi ake. Kunena zoona, kusakalipako kunandiopsa kuposa ankhoswe. M'mawa mwake ndinadzikoka kupita kumunda, mutu ukung'ambika, ndipo masana ndinakawauza ndekha a Ngozo asanamve kwa ena. Ukagwa, dzuka tsiku lomwelo, usati poti ndagwa kale ndimalize sabata.

Mvula itatha a Ngozo anandilowetsa mu mpira wina, kutatsala pang'ono kuti uthe. Kuthamanga kunali kutapita, koma maso analipo. Ndinalandira mpira, golo ili apo, bwalo likukuwa kuti menya Kameruni. Kale ndikanamenya. Ndinapatsira mnyamata amene anali pabwino kuposa ine, ndipo anamwetsa. Ndi uyo wakhala pakati pa benchi apoyo, asabise nkhope. Anthu anakhamukira m'bwalo, ndipo ndinaona ndi maso angawa zomwe zija zikuyambiranso, manja akupisa m'matumba. A Chimbalanga anali patsogolo, kabotolo kali m'manja, akulunjika kwa mwanayo. Maso athu anakumana. Anaima, anakabweza m'thumba, anavula chipewa chawo n'kumuveka mnyamatayo. Koma ena awiri anamupanikizabe nazo m'manja, ndinachita kukamulanda kuseri kwa golo. Mpaka lero ndimakangana nawo anthu pa nkhani imeneyi, ndipo ena muli muno. Mumati ndi chikondi. Mufupeni mwana ndi sopo, ndi masokosi, ndi mbewu ya mbatatesi, kodi chikondi chanu chimangokwana mu botolo?

Chimanga chinauma. Tsiku la ankhoswe linafika, anati akhala masana. Nachisale sanandiuze kanthu, ine sindinafunse. M'mawa ndinapita kumunda monga mwa masiku onse, poti anyani chouma chomwe amaba. Nditafika ndinapeza mitengo iwiri ija ili mbulanda, poto ali pansi, jezi palibe.

Ndinakumbukira za pa chiliza zija, ndinakumbukira kachikwama kamene ananena malume ake. Ndinati basi, akundilongedzera, ndipo jezi ndiye katundu wanga yekhayo. Ndinakhala pa mzere wa chimanga osadziwa chochita. Munda umene ndinkauthawa zaka zonsezo, tsiku limenelo ndinkauyang'ana ngati ndaulima ndi mano. Kenaka ndinati ngati n'kuchoka, ndikachoke nditaima, ndikamutsanzike mwana wanga ndili bwinobwino. Ndinatsika pang'onopang'ono.

Nditatulukira pakhomo, kachikwama sindinakaone. Ndinaona jezi ili pa chingwe, yochapidwa, madzi akudontha. Nachisale anali chogwada akutsuka mbale, Tadala akumuthirira madzi. Nachisale sanatembenuke.

“Ndatuma uthenga kwa a malume kuti asavutike kubwera,” anatero. “Mwasiya ndani kumunda, bambo a Tadala? Anyani alibe tchuthi.”

Ndinabwerera kumunda ndikulira ngati mwana, chitini changa chili m'manja.

Blantyre sinabwerenso, bondo silinawongoke, ndipo ndikamaona ana awa akusewera pa fumbi lomwe lija popanda wodzawaona, mtima umandiwawabe. Mwini dzina uja ndinamva kuti anasiya mpira, akuphunzitsa ana kwawo. Sadziwa kuti kuli munthu ku Ntcheu amene anagwa naye n'kudzuka naye. Jezi ija ndi iyi ndavala m'kati mwa jeketeyi, dikirani ndivule muone. Taonani kumsanaku. Dzuwa ndi mvula za kumunda kuja zinafufuta zonse, nambala palibe, dzina palibe. Ndiye tikakumana panja apo, chonde, mundiitane Leviasi.